Mapulasitiki a pa madigadi akubisa dzimbiri pa kampa yanga, ndiyambire pati?

Mwini_T4 analemba:

Moni akuluakulu nonse muno. Ndili ndi VW T4 ya 1998 yomwe ndinaikonza mkati kukhala yogonamo, kampa titero, muli bedi, kasinki, kachitofu ka gasi ndi timakabati pang'ono, ndipo ine ndi mayi akunyumba timaikonda kwambiri galimoto imeneyi poti tayenda nayo maulendo ambiri. Injini ilibe vuto olo pang'ono. Nkhani yagona pa bodi.

Pomwe ndinkaigula inali kale ndi mapulasitiki akuda aja amaika m'mphepete mwa madigadi kuzungulira pamwamba pa tayala, onse anayi. Ine ndinkangoti ndi okongoletsa komanso oteteza penti ku miyala moti zowachotsa sindinaziganizepo. Loweruka lapitali ndikutsuka ndinaona timatuza titatu pa penti, pamwamba penipeni pomwe pulasitiki yakumbuyo kumanzere yathera, nditakanikiza ndi chala kamodzi kanaphulika n'kutuluka timadzi tofiirira. Mtima unangoti myuu. Nde ndinamasula masikuluwu n'kuchotsa pulasitiki ija, zomwe ndinapeza kuseri kwake abale zinandifoola, matope omatirira okhuthala ngati chala, pansi pake ponyowa chikhalirecho mvula sinagwe masiku angapo, mlomo wonse wa madigadi wofiira, ndipo bowo lililonse la sikuluwu lazunguliridwa ndi dzimbiri.

Atatu enawo sindinawachotsebe, kunena zoona ndikuopa zomwe ndikapezeko.

Ndiye ndithandizeni. Kodi mapulasitikiwa ndi amene abweretsa dzimbiri kapena munthu anawaika dala kuti abise dzimbiri lomwe linalipo kale? Ndikakonza ndiwabwezeretse kapena ndiwataye? Komanso ndaona mankhwala aja amati ukapaka dzimbiri limada n'kufa, kodi amenewo ndi okwanira kapena ndikufunika wowotcherera? Ndikufuna galimoto iyi ikhalitse, sindikufuna zongopakapaka kuti iwoneke bwino miyezi itatu.

Wowotcherera_wakale anayankha:

Achimwene pepani, koma mwachita bwino kuti mwachotsa. Atatu otsalawo chotsaninso, kuopa sikuletsa dzimbiri kudya.

Pa funso loyambalo yankho nthawi zambiri limakhala zonse ziwiri. Ine zaka zomwe ndagwira mabodi a galimoto ndaona kambirimbiri munthu akaona madigadi ayamba kutupa amagula mapulasitiki, kuboola chitsulo ndi drill, kumanga, galimoto n'kuoneka ngati yatsopano. Tsono pulasitiki ija imapanga kathumba, tayala likamaponya matope ndi madzi zimalowa kuseri osatulukanso, dzuwa silifikako mphepo sifikako. Dzimbiri limangofuna zinthu zitatu, chitsulo, madzi ndi mpweya, ndiye matope onyowa atakhala pa chitsulo mwezi ndi mwezi ndi chakudya chake chenicheni. Ngati galimotoyo inayendapo m'misewu yomwe amathira mchere nthawi yachisanu ngati ku UK, kapena imakhala pafupi ndi nyanja yamchere, nde zimathamanga kuposa apo. Onjezani kuti pulasitiki imagwedera poyenda, mchenga ukalowa pakati umakhala ngati sandipepa, umapala penti pang'onopang'ono mpaka chitsulo kukhala pamtunda.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa ndi matuza otuluka madziwo. Dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chomwe ladya, n'chifukwa chake limatukula penti, ndipo tuza likamatuluka madzi kawirikawiri ndiye kuti dzimbiri layambira kuseri n'kubowoleza kubwera kunja. Pa madigadi akumbuyo pali malata awiri, lakunja ndi lamkati, amakumana pa mlomo uja n'kuwotchereredwa timadontho. Madzi akalowa pakati pa malata awiriwo mumayamba kuwola mkati inu osaona chilichonse. Lata la bodi ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi kapena kuchepera, silichedwa kubooka.

Poyamba pimani kaye. Tengani sikuludiraiva muzibaya mwamphamvu mlomo wonse ndi mozungulira matuza, musachite chisoni, pomwe palimba palimba pomwe pabooka panali pakufa kale. Kenako tengani maginito muyendetse pa madigadi onse, pomwe maginito sakugwira bwino dziwani kuti munthu anadzazapo fila, phala louma lija amamata pa bodi posalaza. Fila pa bowo la dzimbiri ndi bodza, amamwa madzi kuchokera kuseri, chaka chisanathe watupanso.

Mukapeza kuti chitsulo n'cholimba, dzimbiri lili pamwamba pokha, mutha kukonza nokha. Palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo mupitirire pang'ono kulowa mu penti wabwino chifukwa dzimbiri limakwawa pansi pa penti kuposa pomwe maso akuonera. Burashi ya waya yokha siyokwanira, nthawi zina imangopukuta dzimbiri n'kuliwalitsa inu n'kumati latha. Gwiritsani flap disc, chimbale cha sandipepa chomanga pa galainda, kapena sandipepa wokhakhala wa 80, koma galainda musakhazike malo amodzi, lata likatentha limapindika. Mankhwala mukunenawo ndi abwino pa ntchito yake, ambiri ali ndi phosphoric acid kapena tannic acid, amasintha dzimbiri lopyapyala lotsalira m'timaenje kukhala kachikopa kakuda kosadya chitsulo. Koma amagwira pomwe afika basi. Mukapaka pa nkhanambo zokhuthala pamwamba pada bwinobwino pansi dzimbiri lili moyo. Ndiye palani kaye, mankhwala pambuyo. Pakauma pakani epoxy primer, penti woyamba wosalowa madzi, osati pulaima wamba wotuwa uja, wamba amalowa chinyezi ngati simunapente msanga. Kenako seam sealer, chomata chotseka mipata, m'malumikiziro, kenako stone chip, chopaka choteteza ku miyala, mkati mwa madigadi, penti pomaliza.

Koma sikuludiraiva ikalowa, palibenso mankhwala. Pamenepo n'kudula mpaka mufike pa chitsulo chabwino n'kuwotcherera lata latsopano. Za T4 zidutswa za madigadi zopangiratu zimapezeka, galimotoyi inapangidwa kuyambira 1990 mpaka 2003 ndiye zilipo zambiri. Wowotcherera wodziwa amaika timadontho modumphadumpha kuti lata lisatenthe n'kupindika. Ndipo chonde chonde popeza ndi yogonamo, musanayatse moto chotsani silinda ya gasi, masulani mabatire onse, chotsani matabwa ndi insulation zomwe zili kuseri kwa malowo. Moto umayambira mkati mwa khoma momwe simukuona.

Mayi_wa_Ducato anayankha:

Bambo Wowotcherera anena zonse za kunja, ine ndingowonjezera za mkati chifukwa ndi pomwe ife a makampa timasiyana ndi ena onyamula katundu. Ife timagonamo.

Yanga ndi Fiat Ducato, ndipo inenso ndinkaganiza kuti dzimbiri limachokera kumsewu kokha mpaka tsiku lomwe ndinachotsa thabwa la khoma kuti ndidutsitse waya wa magetsi, ndinapeza thonje lija la insulation pansi pake lanyowa lolemera ngati chinkhupule, litatsamira pamwamba penipeni pa madigadi amkati. Palibe pomwe pankadontha. Linali thukuta la galimoto basi. Anthu awiri mukagona usiku wonse mawindo otseka mpweya wanu umatulutsa nthunzi, mukaphika nthunzi, ndipo gasi yemweyo akamayaka amatulutsa madzi, kilogalamu imodzi ya propane imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Nthunzi yonseyo imakafika pa lata lozizira n'kusanduka madontho, mumaona pa magalasi m'mawa eti, zomwezo zikuchitikanso kuseri kwa matabwa, madontho n'kumatsetsereka kutsika mpaka pa madigadi ndi m'masilu pansi pa zitseko.

Ndiye achimwene musanapente kunja tsegulani mkati muone. Ngati munaika thonje la galasi lija kapena chilichonse chomwa madzi chotsani kumunsiko, ikani foam yosalowa madzi yomata pa lata, ndipo pansi penipeni musiye mpata. Mabowo otulutsira madzi pansi pa masilu ndi pansi pa zitseko musawatseke, ena amawamata poganiza kuti akuletsa madzi kulowa pomwe akuwatsekera mkati. Ine ndimawatokosa ndi kawaya nthawi ndi nthawi. Foam yopopera ya m'chitini ija m'masilu ayi ndithu, imatseka njira za madzi ndipo tsiku lomwe mudzafune kuwotcherera idzakuvutani.

Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi phula lopopera m'mphako, cavity wax. Alipo a Dinitrol, Waxoyl, Bilt Hamber, komanso ena opangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa ngati Fluid Film. Limabwera ndi kapaipi katali kolowetsa m'mabowo, limayenderera n'kulowa pakati pa malata awiri aja bambo anena, pomwe burashi singafike. Poperani tsiku lotentha galimoto itauma bwino, chitini muchiviike kaye m'madzi ofunda kuti phula lisungunuke, ndipo yalani makatoni pansi chifukwa limadontha. Kungoti likhale lomaliza, mutawotcherera ndi kupenta kale, poti limayaka komanso penti sagwira pomwe lakhudza. Ku mabuleki ndi ku ekizozi lisafike.

Ndipo pogona muzisiya kawindo ka padenga kotsegula pang'ono olo kukuzizira.

Dalaivala_Hiace anayankha:

Man ine sindilimbana ndi zambirimbirizi. Bambo anga ankangopaka oilo wakale wa injini kunsi kwa galimoto chaka chilichonse ndipo sinawole. Ine ndimatero, kenako m'madigadi ndimapaka phula lakuda lokhuthala lija la underseal, mwala sungapale. Mapulasitikiwo tayani, galimoto inatuluka ku fakitale ilibe ndiye alibe ntchito.

Wowotcherera_wakale anayankha:

A Dalaivala, za oilo pali kachoonadi, mafuta amathamangitsadi madzi ndipo akale ambiri ankatero. Koma oilo wotsitsidwa mu injini ndi wakuda, ndi woipa pakhungu la munthu, amafewetsa marabala ena, amadontha ponseponse n'kukathera m'madzi, komanso mvula imamutsuka msanga. Phula lopopera lomwe mayi anenalo limagwira ntchito yomweyo popanda zonsezi.

Koma pa phula lakuda lija ndikutsutsani poyera chifukwa ndi lomwe landibweretsera ntchito zoipa kwambiri. Likakhala latsopano limaoneka bwino, pakapita zaka limauma n'kuchita ming'alu, madzi n'kulowa m'ming'alumo n'kukhala pakati pa phula ndi chitsulo. Kunja kukuoneka kwakuda kosalala, mkati mukuwola. Ndinalandirapo galimoto ina mwini wake akuti mungondiwotchererako kabowo kamodzi aka, nditakoka phula ndi dzanja linasendeka chigamba chachikulu pamodzi ndi chitsulo chomwe, phulalo ndi lomwe linkagwirizira nkhanambo. Kulipaka pamwamba pa dzimbiri n'chimodzimodzi ndi mapulasitiki omwe achimwenewa apeza, kuphimba chilonda chisanatsukidwe. Pa chitsulo choyera chopakidwa epoxy kale ndi pomwe chophimba chilichonse chimagwira ntchito, ndipo pamenepo ine ndimakonda stone chip chifukwa imalola penti pamwamba, nde pakayamba vuto mumaona msanga.

Zotaya mapulasitiki sindikukanirani kwenikweni. Madigadi opanda kanthu savuta kutsuka ndipo chilichonse chikayamba chimaonekera. Koma ngati matayala ndi otambalala kuposa a fakitale kapena mumayenda kwambiri m'misewu ya miyala, pulasitiki imathandizadi. Vuto si pulasitiki, ndi kamangidwe kake ndi kuiiwala.

Sprinter_906 anayankha:

Ine anga ndinabwezeretsa ndipo sindikudandaula, koma ndinasintha mamangidwe. Ndifotokoze mwina zikuthandizani akulu.

Masikuluwu odzibowolera okha aja ndi mdani, akamalowa amang'amba penti n'kusiya chitsulo pamtunda, komanso timaphuthuphuthu ta chitsulo ta drill tikagwera mu mlomo timachita dzimbiri n'kuyambitsa pena. Ena amati ndigule a stainless kuti asachite dzimbiri, zoona sikuluwuyo siichita koma zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi, makamaka a mchere, chofooka ndi chomwe chimadyeka, ndiye sikuluwu imatsala yowala bodi yozungulira ikudyeka. Zinki, chitsulo chomwe amakutira malata a nyumba, amatetezanso mwa njira yomweyi kungoti iye ndi amene amadyeka m'malo mwa chitsulo, n'chifukwa chake pulaima ya zinki imathandiza m'mabowo. Ine mabowo akale omwe sindinawafune ndinawotcheretsa, otsalawo ndinawasalaza, kupaka pulaima ndi penti m'mphepete mwake, kudikira ziume, kenako kadontho ka phula, n'kumanga ndi makilipi a pulasitiki. Chitsulo sichikhudzana ndi chitsulo pena paliponse.

Ena amamata ndi tepi yomata mbali zonse ngati ya 3M VHB, palibe kuboola, ndi nzeru yabwino bola mupukute malowo ndi isopropyl alcohol ndipo kusakhale kozizira pomata. Vuto lake n'loti kuchotsa kuti muone kuseri kumavuta, nde munthu umangosiya zaka.

Chinthu chimodzi musachite, kumata silikoni kuzungulira pulasitiki yonse. Silikoni wa m'bafa uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, pa chitsulo sayenera, komanso penti sagwira pomwe wakhudza. Ndipo olo mumate bwanji madzi adzapeza polowera, chomwe mwachita n'kuwatsekera potulukira. Ngati mukufuna kumata gwiritsani polyurethane ngati Sikaflex 221 m'mphepete mwa pamwamba mokha, pansi pakhale potsegula kuti madzi azituluka. Pomwe pulasitiki ikukhudza penti ine ndinamatapo kaye kapepala koonekera koteteza penti kuti mchenga uzipala kameneko.

Ndimachotsa kamodzi pa chaka, kutsuka, kuumitsa, kupopera phula, kubwezera. Masana amodzi zatha. Potsuka masiku onse ndimalowetsa paipi kuseri kwa mlomo n'kuyendetsa zala mpaka matope atha, mudzadabwa kuchuluka kwake.

Mwini_T4 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo konse. Dzulo ndinalimba mtima ndachotsa onse atatu. Akutsogolo awiri ali bwino kusiyana ndi momwe ndimaopera, dzimbiri la pamwamba ndi m'mabowo a masikuluwu basi, sikuludiraiva sinalowe. Kumbuyo kumanja pali malo amodzi ofewa pang'ono chakumunsi pafupi ndi silu. Kumanzere kuja ndiye bambo Wowotcherera munalasa, maginito anakana kugwira pamalo aakulu ngati chikhatho, nditapala ndapeza fila wokhuthala, pansi pake bowo lolowa zala ziwiri. Ndiye munthu anadziwa ndithu, anadzaza n'kuphimba.

Mayi a Ducato inunso munanena zoona. Ndamasula bedi ndi thabwa la mbali imeneyo, thonje lomwe ndinaika ndekha zaka zapitazo lanyowa kumunsi ndipo pamwamba pa madigadi amkati payamba kufiira. Zandipweteka chifukwa pamenepo ndinalakwitsa ndine, koma bola ndaona lero. Ndalichotsa lonse mbali zonse ziwiri, zitseko ndazisiya zotsegula kuti muume.

Ndaganiza chonchi, kutsogolo ndikonza ndekha, kumbuyo konse kuwiri kupite kwa wowotcherera adule aike zidutswa zatsopano. Mapulasitiki akumbuyo sindibwezera kaye mpaka nyengo ya mvula idutse ndione ngati pali pobwerera, akutsogolo ndimanga ndi makilipi monga a Sprinter anenera.

Kafunso komaliza bambo. Wowotchererayo akuti andilandira pakatha masabata atatu. Panopa malo omwe ndapala ali pamtunda ndipo galimoto imagona panja, ndipakepo chani podikira? Komanso ndikamakasiya ndimuuze chani kuti asangondiikira chigamba pamwamba?

Wowotcherera_wakale anayankha:

Musasiye chitsulo pamtunda olo usiku umodzi, mame okha amakwanira kuti m'mawa mupeze pafiira. Kutsogolo komwe mukonze nokha malizani mpaka epoxy primer tsiku lomwelo mwapala, epoxy itha kudikira penti masabata amenewo popanda vuto, kungoti musanapente mudzaikwecheko pang'ono ndi sandipepa wosalala kuti penti agwire. Kumbuyo komwe kukadulidwe ingopoperani pulaima ya zinki mopyapyala, bowolo muphimbe ndi tepi kuti mvula isalowe mkati. Phula kapena mafuta aliwonse musayandikize kumeneko, mudzamuvutitsa mnzanga powotcherera.

Mukakafika muuzeni kuti mukufuna adule mpaka pa chitsulo chowala, lata lamkati likakhala lodyeka alikonzenso lisanatsekedwe ndi lakunja, chidutswa chatsopano chikumane ndi chakale mlomo ndi mlomo osati kusanjika pamwamba pa chowola, ndipo pomwe malata akugundana apakepo weld-through primer, pulaima yolola kuwotcherera pamwamba pake. Mupempheni akuitaneni kapena akujambulireni atadula asanatseke, mmisiri woona sakana zimenezo. Fila akhale wopyapyala wongosalazira mzere wowotcherera. Akamaliza, poti mkati mwatsegula kale, pakani epoxy kuseri kwa mzerewo musanabwezere matabwa chifukwa moto umapsereza penti wa kuseri ndipo dzimbiri latsopano limayambira pomwepo, kenako phula. Silu ya kumanjayo aibayenso ali pompo, pofewa pafupi ndi silu sipakhala pokha.